Mmene NyaLongwe ndi NyaMhone Anaperekezerana

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga, kuti ofuna kuseka asekeretu, tikamafika pa nkhani yeniyeni akhale atapukuta misozi. Ndili mwana kwathu kufupi ndi Kande, ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti agogo anga, mayi awo a amayi, analipo awiri. Ndikunena agogo NyaLongwe omwewo, koma awiri, ofanana nkhope, ofanana mphini za pamasaya, akubwerekana nsalu imodzi. Ndinkati mmodzi akakhala panja, winayo amabisala m'nyumba kudikira nthawi yake. Ndipo ndinafufuza ndithu. Ndinasuzumira kuseri kwa mtsuko waukulu, ndinafunyulula mphasa, ndinakwera mpaka pansanja pomwe ankasunga chinangwa chouma. Ndinapezako mphemvu ndi dzira limodzi lowola.

Musandiweruze msanga, inu amene munapitirira sukulu. Ine ya ku Bandawe ndinaisiyira panjira, aphunzitsi ndi ine titagwirizana kuti tatopetsana. Koma maso ndinali nawo, ndipo zimene ankaona ndi izi.

Agogo oyamba ankanunkhira chinangwa choviika, kafungo kowawasa kaja kamene mlendo amagwira nako mphuno pomwe ife timamva nako njala, kosakanikirana ndi fodya wa m'mphuno ndi mafuta a nsatsi amene ankadzola m'miyendo. Agogo amenewa ankanditcha mwamuna wawo. Ankandichotsera minga m'nsomba ndili mnyamata woti ndikhoza kupalasa bwato, ankandipatsa kondowole wa pakati pofewa, nsima yathu ya chinangwa, ndipo ankaimitsa anthu panjira kuwauza kuti, "Muoneni bwino uyu, adzakhala kalaliki ku Joni, wa suti yoyera. Mudzamupatsa moni mutagwada." Ankandikumbatira mpaka nthiti kulira. Mwana aliyense wa m'mudzimo anali chitsiru, wanzeru ndinali ine ndekha, ndipo sindinkatsutsa.

Agogo achiwiri ankatulukira tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Chowaitana chinali chaching'ono. Mwina ndadya mbatata kwa azakhali, mwina anzanga andiitana kukasambira ine n'kuthamanga osatsanzika. Pobwera ndinkapeza munthu wina atakhala pakhonde, nkhope itauma ngati thanthwe.

"Ndakuona," ankatero, akuyang'ana nkhuku m'malo moyang'ana ine. "Wanyansidwa nane. Palibe kanthu. Pita kwa agogo amene ali ndi mano onse."

"Agogo, ndinangopita kukasamba."

"Onse amayamba ndi kukasamba."

Basi, tsiku limenelo ndi lotsatira ine kulibe. Ankandidutsa ngati chitsa. Kenako m'mawa wina ndinkadzidzimuka akundigwedeza, misozi ili mbwembwembwe, akundikankhira nthochi m'manja ndi kundipempha kuti ndisawataye, iwo ndi nkhalamba yoipa yosayenera mdzukulu ngati ine. Tsono munthu mmodzi angakhale bwanji zonsezi? Ine masamu anga anandiuza kuti alipo awiri.

Tsiku lina ndinawafunsa amayi akusinja. "Ama, agogo enawo amagona pati?" Amayi anaseka mpaka kugwira munsi ngati ndodo. Kenako kuseka kunawathera mwadzidzidzi, n'kundiyang'ana. "Agogo ako ndi mmodzi," anatero. "Ifeyo ndi amene tili awiriawiri m'maso mwawo. Pali iwe wowakonda, pali iwe wowathawa, ndipo iwo satha kukuonani nonse nthawi imodzi." Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Sindinamve kanthu, koma kukwera pansanja ndinasiya.

Tsopano kwathu kuno mlendo sachoka yekha. Akati ndapita, mwininyumba umanyamuka, umamulanda kamtolo kake kaya ndodo yake, n'kuyenda naye kanjira mukumaliza nkhani zimene munaziiwala muli pansi. Anthu ena onse ankaperekezana osaganizapo. Mwendo ukafuna kubwerera, ankabwerera. Koma kwa agogo NyaLongwe njira inali muyeso. Wowaperekeza mpaka kamtsinje kamene kanagawa mudzi wathu pakati, ameneyo anali m'bale weniweni, ndipo ankamutama mpaka munthuyo kuchita manyazi. Wothera pamtengo wa mango anali wokayikitsa, woti amuyang'anitsitse. Koma wowasiya pathandala, pomwe amayanikapo chinangwa pabwalo penipeni, ameneyo anali atawatukwana pamaso pa mudzi. Ankabwera kunyumba akulankhula okha, akufukula zonse zimene munthuyo anawalakwira kuyambira ali namwali.

Amayi ankati zinayamba kale, koma zinakula agogo aamuna atapita ku Joni. Agogo anawaperekeza wapansi mpaka kokwerera sitima, atawasenzera sutikesi pamutu, amayi anga ali kumsana. Bambo uja anakwera, sanatembenuke, ndipo sanabwerenso. Anakhala mtchona. Kaya ndi zimenezo, kaya anabadwa nawo mtima wotero, ine sindinganame. Ndikudziwa akazi ambiri a kunyanja kuno amene anasiyidwa chimodzimodzi koma ankagona tulo.

Munthu mmodzi yekha ndi amene agogo analephera kumuthamangitsa, ngakhale ankayesetsa. Ameneyu anali NyaMhone, wa kutsidya kwa kamtsinje kaja, mayi wamasiye, wamkulu thupi, wa mpata m'mano, amene kuseka kwake asodzi ankati amakumva ali pamadzi. Anakulira limodzi ndi agogo, ndipo kuyambira utsikana wawo ankaviika chinangwa m'dziwe limodzi, kuseri kwa bango. Sankaika chizindikiro. Aliyense ankadziwa chake poona kasendedwe, chifukwa agogo ankasenda mosamala ngati akumeta mwana, pomwe NyaMhone ankasenda ngati akulimbana ndi mdani.

Agogo ankamuika m'manda NyaMhone kawirikawiri. Ankangoti, "Kwa ine uja anafa," ndipo uthenga ukafika kutsidya, tinkamva mawu akuwoloka mtsinje: "Ndafanso? Nanga pamaliro anga mwaphika ndiwo zanji? Mundisungireko!" Pakapita masiku awiri tinkawaona awiriwo ali kudziwe, madzi m'mawondo, akujeda mudzi wonse.

Koma panali ulendo umodzi umene sitinaseke.

Inali nyengo ya mwera, nyanja itakwiya, mabwato onse atakokeredwa pamchenga, amuna akungosoka maukonde ndi kunamizana za ku Halale. Ine ndi agogo tinapita kukacheza kwa NyaMhone. Tinamupeza atakhala pamphasa, nsalu itaphimba miyendo, ndipo anacheza bwino lomwe, kuseka mpaka kutsokomola. Agogo atatsanzika, NyaMhone ananyamuka, n'kuyenda nafe pang'ono. Atafika pathandala lake anaima, n'kugwira mtengo wa thandalalo.

"Uyende bwino, mnzanga. Tionana."

Anatembenuka n'kubwerera pamphasa.

Agogo anaima njii. Kenako anandikoka dzanja, tinanyamuka. Titawoloka mtsinje anayamba kulankhula, koma sanayambe ndi mkwiyo, anayamba ngati munthu amene wapeza yankho la chinthu chimene chinamuvuta zaka zambiri.

"Ndinadziwa," anatero. "Lamulungu lija kutchalitchi ankaseka ndi NyaKaunda. Ankaseka ine. Nsomba ija anandipatsa mwezi watha, unaiona iwe? Inali ya dzana. Anafuna kuitaya, n'kukumbukira kuti pali dzala lotchedwa NyaLongwe."

"Agogo, tinadya, inali yabwino."

"Iwe umadya chilichonse. Ngakhale chaka chija ndinadwala chifuwa iye n'kumagona kuno, ukuganiza ankafuna ine? Ankayang'ana mikanda yanga."

Ndinkamvetsera ndikudabwa. Zabwino zonse za NyaMhone, zimene agogo omwewa ankandiwerengera dzulo lake, zinkatembenuzidwa chimodzichimodzi ngati usipa pathandala, ndipo kuseri kwa chilichonse ankapezako mphutsi.

M'mawa mwake anapita kudziwe mbandakucha n'kuvuula chinangwa chawo chonse. Chinali chitangolowa m'madzi, chikadali gwa. Inu a kumtunda odya chimanga mwina simudziwa: chinangwa chathu ndi chowawa, ndipo chikapanda kugona m'madzi mpaka kufewa ndi kununkha, chimaledzeretsa, chimasanzitsa, mwana chikhoza kumutenga. Amayi ataona dengu likubwera anagwira kumutu.

"Ama, mukufuna kutipha?"

"Chinangwa changa sichigona m'madzi amodzi ndi cha munthu wondida."

"Ine chimenecho sindisinja, ndipo m'nyumba muno sichilowa."

Amayi anatenga munsi n'kukaubisa kwa azakhali. Agogo anawayang'ana nthawi yaitali, n'kunena motsitsa kuti, "Ndi iwenso." Analowa m'nyumba, n'kugona pamphasa atayang'ana kukhoma.

Tinazolowera agogo aphokoso, otukwana, omenya zitseko. Awa anali chete, ndipo chetechete ameneyo ndi amene anatiopsa. Phala ankalikankha ndi chigongono. Madzi ankamwa pang'ono, ndipo pokhapokha ndikawapatsa ine, amayi atatuluka. Ndikakhala pafupi ankandiuza ndi mawu ouma kuti, "Usavutike, mwamuna wanga. Ine ndine katundu. Nonse mwatopa, mukungochita manyazi kunena. Ndikachoka mudzapuma." Ndinkati ayi, sitinatope. Ankati, "Ndiwe mwana wabwino, wayamba kale kunama ngati akulu."

Anabwera mkulu wa mpingo, bambo wa kolala yolimba ndi nsapato zolira, n'kupemphera nthawi yaitali mpaka nkhuku ina inagona. Potuluka anauza amayi kuti ndi kunyada chabe, akamva njala adya. Azakhali anati ayi, izi ndi za mizimu, pafunika ng'oma. Anakangana pabwalo, agogo osatembenuka n'komwe. Atate anali ku Halale kuntchito, ndiye zonse zinagwera amayi. Ndinawaona akulira kuseri kwa nyumba atatseka pakamwa ndi nsalu.

Amayi anawoloka mtsinje kukauza NyaMhone. Anabwera ndi mawu akuti, "Akuti abwera." Tsiku limenelo sanabwere. Lotsatiranso sanabwere. Anthu anayamba kunong'ona kuti nayenso watopa, munthu sangafe kambirimbiri osakwiya. Agogo sankafunsa, koma phazi lililonse likamveka panja ndinkaona khutu lawo likudzuka, kenako phewa likugwa. Milomo inang'ambika. Mkono umene unkandifinya nthiti uja unatsala ngati bango. Ndinali mwana, koma ndinadziwa kuti ulendo uno agogo akhoza kupita ndithu, ndipo apita akukhulupirira kuti palibe amene awalire.

Kenako m'mawa wina, mwera utaleka, tinamuona NyaMhone akutulukira pamtengo wa mango. Anavala nsalu yake ya Lamulungu, duku latsopano, kamtolo pamutu, ndodo m'manja, ndipo ankayenda pang'onopang'ono, akuponda mosankha ngati mkwatibwi. Azakhali anati, "Taonani matama, mnzake akufa iye akuvina."

"Odi kuno!" anatero NyaMhone atafika pakhomo.

M'nyumba zii.

"Odini, NyaMhone, fikani," anadziyankha yekha. "Yewo, yewo. Khalani pakhonde apa. Yewo, ndakhala."

Anakhala pafupi ndi chitseko, n'kundipatsa moni ine ngati bambo wamkulu, n'kupatsa moni amayi, n'kupatsa moni tambala. Za agogo sanafunse. Anayamba nkhani mokweza mawu, yonena za mnyamata wina wa ku Tukombo amene anabwera kuchokera ku Joni ndi galamafoni, chipewa ndi nsapato zoyera, koma wopanda bulangete, moti usiku ankafunda jekete, miyendo ili m'thumba la ufa. Amayi anayesa kudziletsa koma anaphulika. Ine ndinagubuduka. M'nyumba munali zii, koma zii wake wa munthu amene akumvetsera.

Nkhani itatha NyaMhone anafwenkha fodya, n'kuyetsemula, n'kudzuka ndi ndodo yake.

"Ndapita ine. Zikomo pondilandira bwino."

Amayi ananyamuka kuti amuperekeze. NyaMhone anawakhazika pansi ndi dzanja limodzi. "Khala, mwana iwe. Sindinabwere kwa iwe." Anaima pabwalo atayang'ana kunjira, n'kulankhula kwa tambala uja. "Ada, mundiuze. Panyumba pano alendo amachoka okha ngati mbuzi?"

Tinadikira. Ndinamva mphasa ikulira. Kenako chitseko chinasuntha, ndipo anatuluka agogo, tsitsi lili ndi fumbi la kukhoma, nsalu atamanga mokhota, maso akuthwanima ndi ukali. Agogo sanamuyang'ane NyaMhone. Anangomulanda kamtolo kaja n'kudziika pamutu, n'kugwira phewa langa kuti asagwe.

"Asadzanene anthu kuti kwa NyaLongwe kulibe mwambo," anauza mphepo. "Tiye."

Ndiye tinanyamuka, ine ndili ndodo ya agogo. Tinadutsa thandala lathu, agogo analiyang'ana mwachipongwe. Tinadutsa mango. Tinafika pamtsinje ine n'kuganiza kuti tibwerera, koma agogo anakweza nsalu n'kulowa m'madzi. Anafuna kumuphunzitsa munthu. Tinakwera kutsidya, tinadutsa thandala lija la mlandu, mpaka pakhomo penipeni pa NyaMhone. Agogo anatula kamtolo pansi, akupuma ngati mvuu.

"Umu ndi mmene amaperekezera anthu," anatero, n'kutembenuka.

"Aa, dikira," anatero NyaMhone. "Pano ndi panga. Tsopano mlendo ndiwe."

Anatolanso kamtolo kake, n'kusolola kabotolo ka fodya m'chiuno mwa agogo kuti akhale ndi chowanyamulira, n'kutsogola. Agogo akanatani? Fodya wawo akupita. Tinatsika, tinawoloka, mango, thandala, mpaka pakhonde pathu. NyaMhone anabweza fodya uja ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Wafika bwino, mnzanga. Ndiye ine ndapitatu."

Anaimanso atayang'ana kunjira. Ndinamva mano otsala a agogo akukukutika. Analanda kamtolo.

Abale anga, mudzi unaleka ntchito. Amayi osinja anasiya minsi m'mitondo. Amuna anasiya maukonde pamchenga n'kubwera kudzaima m'mbali mwa njira. Ana anatifola pambuyo akuguba, ndipo amalume ena amene ankaimba lipenga lachikho m'gule wa malipenga anathamangira kunyumba kukalitenga, n'kumatiimbira ngati tikupita kunkhondo. Mkulu wa mpingo uja anatipeza panjira, ndipo posadziwa chochita, ankangovula chipewa nthawi iliyonse tikamudutsa. Akuluakulu awiriwo osaseka, osayang'anana, nkhope zili gwa ngati akupita kukaweruza mlandu. NyaMhone ankayendabe kamkwatibwi kake kaja, ndipo tonse tinkati akuchitira dala kuti agogo apse mtima. Ndi maulendo angati sindikudziwa. Chimene ndikudziwa ndi chakuti phewa langa linachita dzanzi, ndipo dzuwa limene linatipeza likutuluka linafika pamutu.

Pamtsinje miyendo ya agogo inakana. Anakhala pamwala mwadzidzidzi ngati thumba. NyaMhone anathamangitsa gulu lonse ndi ndodo, n'kukhala pamwala wina, mapazi m'madzi, n'kumasula kamtolo kaja. Munali nsomba, batala wowamba, wonona, wochucha mafuta, ndi mbatata zootcha. Ananyema n'kuyamba kudya yekha, akutafuna mokweza, akunyambita zala. Ine anandiponyera mchira.

Agogo analankhula akuyang'ana madzi.

"Unandisiya pathandala."

"Ndinakusiya."

"Ngati nkhuku."

"Eya."

"Ulibe chonena?"

"Chilipo. Nsombayi ndi ya mafuta."

Ndinaganiza kuti agogo amuponya mwala. Koma anagwetsa mapewa, ndipo mawu amene anatuluka anali ang'ono, oti ndikanakhala patali sindikanawamva.

"Iwe sudziwa. Ukakhala pamaso panga chonchi, ndimadziwa kuti ndiwe wanga. Ndimadziwa ndithu. Koma ukangotembenuka, msana wakowo umakhala wa munthu wina, munthu woti sanandionepo. Ndimathamangira m'mutu kukafuna zabwino zonse unandichitira, ndimazipeza zilipo, koma zazizira, sizindifunditsa. Ndiye kumabwera mawu ondiuza kuti wapita, sabweranso, ndipo wachita bwino, ndani angakhale ndi munthu ngati iwe. Mawu amenewo amalankhula ngati zoona. Kuposa iwe."

NyaMhone anasiya kutafuna.

"Ndiye ukufuna ndiziyenda chambuyo? Ndigwere m'dziwe?"

"Usandiseke."

"Sindikuseka. Tayang'ana." Anatembenuka pamwalapo, n'kutsitsa nsalu pang'ono, n'kudzimenya kumsana, phwa phwa. "Msana uwu ndi womwe uja unakubereka kuchokera kumunda utalumidwa ndi chinkhanira, ukulira ngati mwana wa mbuzi. Ndi wanga. Ndilibe wina wosinthira. Kutsogoloku kukamakukonda, kumbuyoku sikupita kwina, zonse zinasokedwa pamodzi. Mawu akowo akadzabweranso, uwauze abwere adzandiuze ine pamaso, ndiwaonetse ndodo."

Agogo anatulutsa kaphokoso kamene sindinadziwe ngati ndi kulira kapena kuseka, ndipo ndikuganiza kuti iwonso sanadziwe. Anapukuta mphuno ndi nsalu. Kenako dzanja lija lotsala ngati bango linatambasuka.

"Mutuwo usadye. Umadziwa kuti mutu ndi wanga."

"Ndakusungira. Ukuganiza ndasenzera chiyani tsiku lonse? Ayi, ndaiwala, wasenza ndiwe."

Agogo anadya mutu, anadya pakati, anadya mbatata ziwiri, n'kumudzudzula NyaMhone kuti nsombayo anaiwamba ndi nkhuni zaziwisi. Madzulo ake chinangwa chija chinabwerera m'dziwe, ine nditasenza.

Ndisakunamizeni kuti anachira. Mwezi usanathe NyaMhone anafanso, chifukwa cha lichero. Agogo anakhala wotero mpaka imfa yawo, lero uli mngelo mawa uli njoka, ndipo kukhala nawo kunali ngati kupalasa bwato nthawi ya mwera. Koma kugona koyang'ana kukhoma kuja sikunafikenso pamene panafika ulendo umenewo. Posiyana, NyaMhone ankati akatembenuka n'kudzimenya kumsana, phwa phwa, osalankhula kanthu, ndipo agogo ankati, "Chitsiru," akumwetulira.

Ine ndinakula, ndinapita ku Joni monga ananenera agogo, koma ukalaliki unandiphonya, ndinakathera kukhitchini kwa mzungu kusenda mbatata. Suti yoyera yokha ndinagula. Ndinabwerera, ndipo ndinakwatira mdzukulu wa NyaMhone, mtsikana amene anakulira m'nyumba ya agogo akewo, amene lero ndi nkhalamba inzanga yondiwerengera masupuni a shuga. Nkhani iyi ndakhala ndikuinena paukwati, pamaliro, pamsika ku Chintheche, paliponse pamene anthu alakwitsa n'kundipatsa mpata.

Mwezi wathawu kunabwera adzukulu kuchokera ku Mzuzu, ndipo ndinawachitira yonse, ndi mawu ake, ndi lipenga lomwe. Mmodzi wa iwo, amene ndi namwino, anati masiku ano mtima wotero amaudziwa kuti ndi matenda, ndipo kuchipatala kuli anthu othandiza. Ndinati ndi bwino, ife tinali ndi NyaMhone basi. Kenako ndinatenga ndodo n'kuwaonetsa kayendedwe kake kaja, kuponda mosankha, chiuno uku chiuno uko. Ana anagwa pansi ndi kuseka. Mkazi wanga yekha sanaseke.

Usiku umenewo tikukonzeka kugona anati, "Inu, zoyenda zija muzisiye."

Ndinati bwanji, poti ndi pamene pamakoma.

"Agogo anga sankavina. Anaponda munga wa nsomba ya nkholokolo kunyanja, unathyokera m'phazi. Tsiku munabwera kudzacheza lija phazi linali litatupa ngati dzungu, ndi chifukwa chake anaphimba nsalu, ndipo kufika pathandala paja kunali kulimba mtima. Masiku amene mudzi unkati atopa, anali chigonere ndi malungo. Atangotha kuima anamanga chiguduli n'kubwera kwanu. Inu munkaguba ndi lipenga, ine madzulo ake ndi amene ndinamasula chigudulicho. Sindidzaiwala. Ankaluma nsalu kuti asakuwe."

Ndinati nanga bwanji osangonena pamtsinje paja, nkhani ikanatha ndi mawu amodzi? Ndipo iwe, zaka zonsezi, bwanji osandiuza?

"Agogo anga anandiletsa kunena pamene agogo anu anali moyo. Atamwalira, inu munayamba mwasiyirapo munthu mpata wolankhula? Ine ndinawafunsa zomwezo ndikutsuka bala. Anati, 'Ndikamuuza za phazi, adziona ngati chilombo chimene chayendetsa wodwala tsiku lonse, akagonanso kukhoma, ndipo ulendo uno sadzuka. Uja zifukwa sizimufika. Chimamufika ndi munthu.' Tsopano zimitsani nyaliyo, ada, mukutha mafuta."